SOUTH AFRICA: Panelo ya sola imagwidwa ndi matabwa a denga, osati malata

RUSTENBURG - Ku Freedom Park, mudzi umene unakula m'mbali mwa migodi ya pulatinamu ya kampani ya Impala kumpoto kwa mzinda wa Rustenburg, madenga ambiri ndi a malata. Ena ali pa nyumba za njerwa zimene boma linamangira anthu, ena pa zipinda za lendi za kuseri kwa nyumbazo, ndipo ena pa zisakasa zimene malata ake amapsinjidwa ndi miyala ndi matayala akale kuti asauluke.

Wogula panelo ya sola m'dera lotere amaiika pa limodzi mwa madenga amenewa. Kawirikawiri funso la momwe aimangirire limabwera pomalizira, ndalama zitathera kale ku batire, inveta ndi mawaya. Komatu apa m'pamene katundu wa ndalama zambiri amawonongekera, ndipo nthawi zina amapita ndi denga lomwe.

Anthu a ku South Africa anathamangira magetsi a dzuwa kaamba ka kuthimathima kwa magetsi a kampani ya boma ya Eskom. Vutoli linayamba kukula m'chaka cha 2007, ndipo mu Januwale 2008 migodi ikuluikulu ya golide ndi pulatinamu inaimitsa ntchito kwa masiku angapo. Chaka cha 2023 ndicho chinanyanya: magetsi anazimitsidwa pa masiku oposa 300. Malinga ndi kuwerengera kwa Eskom, mapanelo a pa nyumba ndi pa makampani anali atapitirira mamegawati 4,000 pofika pakati pa chaka chimenecho, kuchokera pa mamegawati osakwana 1,000 mu Malichi 2022. Kuthimathimaku kunachepa kwambiri kuyambira mu Malichi 2024, koma mapanelo adakali pamadenga ndipo ena akugulidwabe.

M'mayiko oyandikana nawo nkhani yake ndi yomweyo. Ku Malawi namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo dzikolo linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinachepetsa madzi m'damu la Kariba, mabanja a mu Lusaka n'kumakhala mumdima kwa maola ambiri pa tsiku. Madenga a ku Ndirande, ku Kanyama ndi ku Moatize sasiyana kwenikweni ndi a ku Freedom Park.

Mdani ndi mphepo

Ambiri amaopa kuti panelo ilemetsa denga. Panelo yaikulu ya mawati 550, yotalika mamita oposa awiri ndipo m'lifupi mwake mita imodzi ndi pang'ono, imalemera makilogalamu 27 kapena 28. Denga la matabwa abwino limasenza katundu wotere popanda vuto.

Choopsa chili pa mphepo. Ikamadutsa pamwamba pa nyumba imakokera denga m'mwamba, ndipo ikalowa kunsi kwa panelo imaikankhanso kuchokera pansi. Mphepo yothamanga makilomita 100 pa ola imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 40 mpaka 50 pa sikweya mita iliyonse. Pa panelo yaikulu ija, mphamvuyi ikuposa makilogalamu 100, kutanthauza kuti kulemera kwa panelo sikungaiteteze konse. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ndipo siigwa mofanana padenga ponse: imakoka kwambiri m'makona, m'mphepete ndi pamsonga. N'chifukwa chake mkuntho ukamasasula denga umayambira pakona, ndipo n'chifukwa chakenso amisiri odziwa ntchito amaika mapanelo chapakati, kusiya mpata wa theka la mita kapena kuposa kuchokera m'mphepete.

Dera la Rustenburg limalandira mvula ya mabingu kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi, nthawi zambiri chakumasana, yobwera ndi chimphepo cha mwadzidzidzi ndiponso matalala. Galasi la panelo yovomerezeka limayesedwa ku fakitale poliwombera ndi timibulu ta madzi oundana ta mamilimita 25. Chimene sichiyesedwa ku fakitale ndi thabwa limene bawuti akalowemo.

Zimene amaonetsa pa intaneti

Mavidiyo ambiri ophunzitsa ntchitoyi pa YouTube amajambulidwa ku America ndi ku Canada, kumene nyumba zimafoleredwa ndi shingle. Izi ndi zidutswa zopyapyala za phula zimene amaziyala mosanjikiza ngati mamba a nsomba pamwamba pa matabwa otambalala. Kumeneko mmisiri amafunafuna phaso lobisika kunsi, amaboola, amalowetsa bawuti m'phasomo, kenaka amalowetsa kachitsulo kafulati kunsi kwa mzere wa shingle wa kumtunda kuti madzi otsetsereka adutse pamwamba pa bowo. Madenga otere ndi osowa kum'mwera kwa Africa, ndipo kachitsulo kafulatiko sikangagwire ntchito pa lata la mizere.

Mfundo ziwiri zokha ndi zimene zingatengedwe m'mavidiyowo. Bawuti ayenera kufika m'thabwa limene lasenza denga, ndipo bowo lililonse liyenera kukhala pamalo pamene madzi sayendapo.

Pa malata wamba, izi zikutanthauza kuboola pamsana pa mzere, osati m'ngalande momwe madzi a mvula amatsikira. Mmisiri amatsata mzere wa misomali yakale, popeza ndiwo umaonetsa pamene padutsa thabwa lopingasa kunsi. Amaboola pamsanapo, amalowetsa bawuti wamtali wokhala ndi mano ogwira thabwa kunsi ndi mano a nati kumtunda, ndipo pakati pa nati ndi lata amaikapo kamphira kakuda kosatha msanga ndi dzuwa. Kamphirako kamangofunika kupsinjika pang'ono. Wokhwimitsa mopitirira amaphwanya msana wa lata, madzi n'kumadikha pomwepo. Silikoni amathandiza, koma yekha amang'aluka pakapita nthawi chifukwa lata limafutukuka masana n'kubwerera usiku.

Pamwamba pa mabawutiwo amamangirira zitsulo ziwiri zazitali za aluminiyamu zonga njanji, ndipo panelo imagwidwa m'mbali ndi tizitsulo topanira. Wopanga panelo amalemba m'kabuku kake malo amene tizitsuloti tiyenera kugwira. Kuboola felemu ya panelo pofuna kuikhomera mwachidule kumathetsa chitsimikizo cha wopanga. Pakati pa lata ndi panelo pamafunika mpata wa masentimita pafupifupi 10 kuti mphepo izidutsa, chifukwa panelo ikatentha imatulutsa magetsi ochepa: pa digiri iliyonse yoposa 25 imataya pafupifupi 0.3 kapena 0.4 peresenti ya mphamvu yake. Panelo yogonekedwa mwachindunji pa lata la mu Okutobala imataya mphamvu pa nthawi imene dzuwa lili lambiri.

Pa malata a mizere ya makona, odziwika ndi dzina loti IBR, pali zogwirizira zimene zimakhomedwa m'mbali mwa mzere popanda kufika m'thabwa. Zinapangidwira malata ochindikala, a theka la milimita kapena kuyandikira pamenepo, amenenso anakhomedwa bwino. Malata otchipa a mamilimita 0.3 kapena ochepera apo, amene osauka ambiri amagula, amang'ambika pa sikuluwu mphepo ikamakoka.

Denga lenilenilo

Ntchito yoyamba sichitikira pamwamba koma m'kati mwa nyumba, kuyang'ana m'mwamba. Thabwa lodyedwa ndi chiswe, lowola pamene pankadontha, kapena lopyapyala ngati bango, siligwira bawuti. Ndipo thabwa labwino silithandiza ngati mapaso sanamangiriridwe ku khoma ndi waya kapena lamba wachitsulo wolowa m'njerwa. Mphamvu ya mphepo imachoka pa panelo kupita pa njanji, pa bawuti, pa thabwa, pa phaso, mpaka pa khoma. Pamene pafooka m'pamene padukire.

Chifukwa cha ichi, denga lopsinjidwa ndi miyala si malo oikapo panelo yaikulu, ngakhale itamangidwa ndi waya wochuluka motani. Panelo imangosanduka thanga la ngalawa, ndipo lata louluka m'mudzi wa nyumba zothithikana limavulaza anthu. Njira yabwino pamenepa ndi mtengo wachitsulo wozikidwa pansi ndi simenti, kapena panelo yaing'ono yotulutsa m'mawa ndi kulowetsa madzulo.

Njira yomweyi ndi yoyenera kwa ochita lendi. Ogwira ntchito m'migodi ambiri, ochokera ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique ndi kwina, amalandira ndalama ya nyumba m'malo mogona m'mahositelo a kampani, ndipo amachita lendi zipinda za kuseri. Denga ndi la mwini nyumba. Mabowo osiyidwa posamuka amasanduka mkangano wa ndalama, choncho ndi bwino kugwirizana poyamba, molemba, za amene adzatseke mabowowo ndi amene adzatenge zitsulo.

Pa nyumba za matailosi a simenti saboola tailosi. Amaikweza, amakhomera ngowe yachitsulo pa phaso, n'kuibwezera pamalo pake ngoweyo itatulukira kunsi kwake. Denga limene siliyenera kuboledwa ndi mmisiri wamba ndi la asibesitosi, lopezeka pa nyumba zakale za m'makomboni a migodi ndi m'malokeshoni kuyambira ku South Africa mpaka ku Zimbabwe ndi ku Copperbelt. Fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa imene imaonekera patapita zaka zambiri. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, ndipo malamulo a 2020 amafuna kuti ntchito yochotsa denga lotere igwiridwe ndi kampani yolembetsedwa.

Kumpoto, ndi kupendekeka kwake

Kum'mwera kwa dziko lapansi panelo imayang'ana kumpoto. Rustenburg ali pa madigiri pafupifupi 26 kum'mwera kwa ikweta, choncho panelo yopendekeka madigiri 25 mpaka 30 ndiyo imakolola dzuwa lambiri pa chaka. Ku Lilongwe, Lusaka ndi Tete, kumene kuli pa madigiri 14 mpaka 16, kupendekeka kwa madigiri 15 n'kokwanira. Madenga ambiri a malata ndi ogona kuposa pamenepa, ndipo ena amaimika panelo pa miyendo kuti afike pa muyezowo. Phindu lake ndi lochepa, pamene mphepo yolowa kunsi imachuluka kwambiri. Pa denga lokayikitsa ndi bwino kutsata kupendekeka kwa dengalo, bola kusachepere madigiri 10, kuti mvula izitsuka fumbi, limene m'midzi ya migodi limachuluka m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala.

Dzimbiri limayambira pa zinthu zazing'ono. Tizidutswa tachitsulo totsala pobowola tikasiyidwa padenga timachita dzimbiri ndi mame a usiku umodzi, n'kuyamba kudya lata. Mabawuti wamba akuda satha nyengo zambiri za mvula. Pamafunika osachita dzimbiri, ndipo waya wa kopa usakhudzane mwachindunji ndi aluminiyamu kapena lata. Felemu ndi njanji zilumikizidwe ku nthaka, popeza chigawo cha North West chili m'dera la mphezi zambiri.

Malamulo

Ku South Africa, makina a sola olumikizidwa ku mawaya a m'nyumba amafuna chiphaso chochokera kwa katswiri wa magetsi wolembetsedwa, ndipo olumikizidwa ku magetsi a Eskom kapena a khonsolo ayenera kulembetsedwa. Boma litalengeza mu Febuluwale 2023 kuti lidzabweza 25 peresenti ya mtengo wa mapanelo, mpaka R15,000, kwa olipira msonkho, linafuna chiphaso chimenechi ndipo linakana mapanelo onyamulika. Mwayiwu unatha mu Febuluwale 2024. Ku Malawi oika makina a sola amalandira chilolezo ku bungwe la MERA.

Chiphaso cha magetsi chimanena za mawaya, osati za kulimba kwa matabwa. Mwini nyumba ayenera kufunsa yekha kuti mabawuti alowa m'chiyani, ndi kulowa m'nyumba kukaona ngati nsonga zake sizinaphonye thabwa. Mvula yoyamba ikagwa ayang'anenso kunsi kwa bowo lililonse ngati pali chinyezi, ndipo chaka chilichonse dzinja lisanayambe manati onse akhwimitsidwenso.