Mwandama ndi Midzi ya ku Mexico: Tidziwa Bwanji Kuti Thandizo Lagwira Ntchito?

Mu May 2010, a Ban Ki-moon, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, anafika ku Mwandama m'boma la Zomba kudzadzionera okha mudzi umene mbiri yake inali itawanda. Mwandama unali umodzi mwa midzi ya Millennium, ntchito imene katswiri wa zachuma wa ku America, a Jeffrey Sachs, anayambitsa pofuna kusonyeza kuti umphawi wadzaoneni ungathe m'zaka zowerengeka ngati ndalama zokwanira zitalowa m'mudzi nthawi imodzi. Zoonetsa alendo zinalipo ndithu, ndipo pakati pa zonse panali nkhokwe yaikulu ya chimanga chimene alimi a komweko anakolola.

Zaka 13 izi zisanachitike, boma la Mexico linali litayambitsa ntchito yake yolimbana ndi umphawi yotchedwa Progresa. Iyo inalibe zambiri zoonetsa mlendo. Mayi amapita kukalandira ndalama, n'kubwerera kwawo kukagula zosowa za pakhomo, basi. Komabe pa ntchito ziwirizi, imene lero tingathe kunena mopanda chikayiko kuti inasintha chakuti ndi chakuti pamoyo wa osauka ndi ya ku Mexico. Ya Millennium akatswiri akukanganirabe. Kusiyanaku sikunabwere chifukwa choti ena anali ndi mtima wabwino kuposa anzawo. Kunachokera pa chinthu chimodzi chimene a ku Mexico anachita asanapereke ndalama ngakhale imodzi, chimene a Millennium anachizengereza mpaka nthawi itatha.

Progresa inabadwa m'mavuto. Kumapeto kwa 1994 ndalama ya Mexico inagwa mphamvu kwambiri, ndipo boma la Pulezidenti Ernesto Zedillo linalibe zomwaza. Anthu a kumeneko ndi odya chimanga ngati ife, ndipo kwa zaka zambiri boma linkathira ndalama potsitsa mtengo wa tortilla, kamkate kopyapyala ka ufa wa chimanga komwe ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Vuto linali lakuti thandizo lotere limapindulira kwambiri okhala m'mizinda, kuphatikizapo opeza bwino, pamene osaukitsitsa ambiri anali kumidzi. A Santiago Levy, amene anali wachiwiri kwa nduna ya zachuma, pamodzi ndi a José Gómez de León anabwera ndi maganizo ena: ndalamazo ziperekedwe m'manja mwa mabanja osauka, wolandira akhale mayi, koma pakhale pangano. Ana azipezeka m'kalasi masiku osachepera 85 pa 100 alionse, ndipo banja lizipita kuchipatala kukapimidwa, ana aang'ono kukakwera sikelo. Mtsikana wa kusekondale ankalandira zochulukirapo kuposa mnyamata, poti atsikana ndiwo ankafulumira kusiya sukulu.

Ntchitoyi inayamba mu 1997. Popeza ndalama sizikanakwanira midzi yonse nthawi imodzi, ena anayenera kudikira ndithu, ndipo apa m'pamene a Levy ndi anzawo anachenjera. Anatenga midzi 506 m'zigawo 7 za dzikolo, yonse yosauka mofanana, n'kuchita maere. Midzi 320 inayamba kulandira, midzi 186 inaikidwa pamzere wodzalandira patsogolo, ndipo inalandiradi pasanathe zaka ziwiri. Mabanja pafupifupi 24,000 a m'midzi yonseyi ankafunsidwa mafunso omwewo mobwerezabwereza, ndipo ntchito younika zotsatira inaperekedwa kwa bungwe lakunja la IFPRI la ku Washington, kuti boma lisamadzichongere lokha mayeso.

Aliyense amene anaonapo munda wachitsanzo wa alangizi a zaulimi akudziwa nzeru imeneyi. Mlangizi amagawa munda pawiri, mbewu imodzimodzi, tsiku lobzala limodzi, mvula imodzi. Chigawo china amathira feteleza, china amachisiya. Pokolola palibe woti anganene kuti ndi mvula yachititsa, chifukwa mvulayo inagwa konsekonse. Maere a ku Mexico anagwira ntchito yomweyo. Chaka chikakhala chabwino, chinali chabwino m'midzi yonse 506, ndipo kusiyana kulikonse kotsala kunali kwa Progresa.

Zotsatira zinatuluka poyera. Ana osapitirira zaka 5 a m'midzi yolandira ankadwala mocheperapo, ndi 12 pa 100 alionse. Chiwerengero cha atsikana olowa sekondale chinakwera ndi pakati pa 7 ndi 9 pa 100 alionse, cha anyamata chinakweranso koma pang'ono. Kafukufuku yemweyo sanabise zolephera: ana anachuluka m'makalasi, koma magiredi awo pa mayeso sanasinthe kwenikweni, kusonyeza kuti kulowetsa mwana m'kalasi ndi kwina, kumuphunzitsa bwino ndi kwinanso. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndi imene imapatsa munthu chikhulupiriro mwa zinazo. Lipoti limene lili ndi zokoma zokhazokha limandikayikitsa.

Mu 2000 chipani chimene chinalamula Mexico kwa zaka 71 chinagonja pachisankho. Mwachizolowezi boma latsopano limakwirira ntchito za amene linawachotsa, koma pulezidenti watsopano, a Vicente Fox, anapeza umboni uli patebulo, wosainidwa ndi anthu opanda chipani. Anangosintha dzina mu 2002 kukhala Oportunidades n'kuikulitsa, moti pofika 2004 inkafikira mabanja 5 miliyoni. Mayiko ambiri anatengera chitsanzo chimenechi.

Midzi ya Millennium inayamba ndi chidwi chachikulu kuposa pamenepo. Woyamba unali Sauri ku Kenya mu 2004, kenako Koraro ku Ethiopia, ndipo pofika 2006 ntchitoyi inali m'mayiko 10 a mu Africa, kuno kwathu ku Mwandama ndi ku Gumulira m'boma la Mchinji. Mpondamatiki a George Soros okha anapereka madola 50 miliyoni. Ganizo la a Sachs linali lomveka, ndipo mpaka pano sindiliona ngati lopusa. Iwo ankati munthu wosauka amamangidwa ndi mavuto ambiri nthawi imodzi: ukamupatsa feteleza, malungo amugoneka nthawi yopalira, ukamuchiritsa malungo, msewu wopitira kumsika palibe. Choncho m'pofunika kumasula zonse pamodzi, mbewu, feteleza, masikito, chipatala, mjigo, phala la kusukulu, pa ndalama pafupifupi madola 120 pa munthu aliyense pachaka.

Malipoti oyamba anali osangalatsa. Zokolola zachuluka, malungo atsika, ana ambiri ali pasukulu, anthu ali ndi mafoni. Zonsezi zinali zoona. Koma malipotiwo ankayerekeza mudzi ndi mmene unalili kale, ndipo zaka zimenezo Africa yense ankasintha. Taganizirani za Mwandama yemweyo. Ntchito ya Millennium inafika kumeneko nthawi imene boma la a Bingu wa Mutharika linali litangoyamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo m'nyengo ya 2005/06, ndipo mvula inagwa bwino pambuyo pa chilala cha chaka cham'mbuyo. Chimanga chinachuluka m'dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Mulanje. Ndiye pa matumba amene anadzaza nkhokwe ya ku Mwandama, angati anali a Millennium, angati a makuponi, angati a mvula? Funso limeneli silinyoza mlimi kapena wogwira ntchito aliyense wa kumeneko. Ndi funso limene nduna ya zachuma iyenera kuliyankha isanaganize zofalitsa njirayi m'midzi masauzande.

Mu 2010 akatswiri awiri, a Michael Clemens ndi a Gabriel Demombynes, anatenga ziwerengero za midzi ya Millennium ya ku Kenya, Ghana ndi Nigeria n'kuziika pambali pa ziwerengero za madera oyandikana nayo. Anapeza kuti zambiri mwa zimene ntchitoyi inkadzitamandira nazo zinkachitikanso kumene iyo sinapondeko. Mafoni, mwachitsanzo, ankafala paliponse. Kenako mu 2012 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza nkhani ya a Millennium yonena kuti imfa za ana m'midzi yawo zinkatsika mofulumira katatu kuposa m'madera ena akumidzi a mayikowo. Akatswiri ena ataunika masamuwo anapeza zolakwika, olembawo anavomera, ndipo mfundoyo inachotsedwa.

Si kuti midziyi sinapindule. Kafukufuku womaliza wa ntchitoyi, amene anatuluka mu 2018, anayesetsa kufunafuna midzi yofanana nayo yoti ayerekeze, ngakhale kuti kunali kuchita zinthu madzi atafika kale m'khosi. Anapeza kuti pa zinthu 40 zimene anayeza, 30 zinali bwino m'midzi ya Millennium, makamaka pa ulimi ndi zaumoyo, monga amayi kuchilira kuchipatala ndi ana kugona m'masikito. Koma pa umphawi weniweniwo, poyeza zimene banja limadya ndi kugula, kusiyana sikunaoneke, ndipo pa zolinga zonse zimene anadziikira anakwaniritsa gawo limodzi mwa magawo atatu. Kumpoto kwa Ghana, kumene boma la Britain linapereka ndalama koma n'kulamula kuti ofufuza oima paokha akhalepo kuyambira pachiyambi mu 2012, zotsatira zinali zowawa kwambiri: zinthu 7 zokha mwa 28 zinasintha, umphawi ndi njala sizinatsike kuposa m'midzi yoyerekezera.

Tiyeneranso kuwamvera a Millennium mbali yawo. Iwo ankati n'kulakwa kulowa m'mudzi, kuyeza ana ake, kulemba njala yake, kenako n'kuchoka osasiya kanthu pofuna kungopeza woyerekeza naye. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo wofufuza amene sawamva mumtima ndi woopsa. Ankatinso ntchito yawo inali yosakaniza zinthu zambiri m'malo ochepa, choncho maere sakanathandiza monga anathandizira pa midzi 506 yolandira chinthu chimodzi. Apanso pali choonadi: ndalama ya m'manja ndi yosavuta kuyeza kusiyana ndi chitukuko cha mudzi wathunthu. Pali ngozi yakuti mabungwe azingokonda ntchito zing'onozing'ono zoyezeka, n'kusiya misewu, magetsi, mafakitale ndi malamulo a malonda, zimene sizingachitiridwe maere koma ndi zimene zinatukula mayiko ngati South Korea.

Koma pa mfundo yoyamba ija ndimasiyana nawo. Midzi yosalandira inalipo kale, yambirimbiri, yozungulira Mwandama mbali zonse. Palibe amene akanalandidwa kanthu poilemba m'kaundula kuyambira chaka choyamba. Ndipo pamene thandizo silikwanira onse, maere ochitikira poyera ndi achilungamo kuposa kusankha kwa bwana wa muofesi kapena kwa wandale amene akufuna mavoti. Anthu a kumudzi amene anaonapo mmene maina a olandira thandizo amalowera ndi kutulukira m'kaundula angavomereze zimenezi.

Chodabwitsa n'chakuti m'boma la Zomba lomwelo, pa nthawi yomweyo, munachitika kafukufuku wa mtundu wa ku Mexico. Mu 2008 ndi 2009 a Sarah Baird, a Craig McIntosh ndi a Berk Özler anachita maere pa madera 176, n'kumapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda pangano lililonse. Ndalama za pangano zinasunga atsikana ambiri m'kalasi. Koma zopanda pangano ndi zimene zinachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankapitiriza kulandira, ndipo sankakakamizika kuthamangira banja. Palibe amene akanalota zimenezi atakhala muofesi ku Lilongwe kapena ku Washington. Ofufuzawo atabwereranso patapita zaka anapeza kuti phindu lambiri linazilala ndalama zitasiya kubwera, ndipo nazonso anazilemba. Dziko lathu, limene likupereka ndalama kwa mabanja osauka kudzera mu Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, likufunika kudziwa zonse ziwirizi.

Umboni nawo uli ndi malire ake. Progresa, imene pomaliza inkatchedwa Prospera, inathetsedwa mu 2019 ndi boma la a Andrés Manuel López Obrador, ngakhale inali ndi mulu wa malipoti oikira kumbuyo. Ziwerengero sizivota. Komabe inakhala zaka zoposa 20 pansi pa mapulezidenti anayi, ndipo zimene inaphunzitsa zikugwirabe ntchito m'mayiko ena, pamene midzi ya Millennium inatseka mabuku ake mu 2015 popanda boma lililonse lotha kunena motsimikiza kuti pa zinthu zonse zija, choyenera kugula choyamba ndi chiti.

Pa njira ziwirizi, ine ndili kumbali ya ku Mexico. Ndalama zothandizira osauka n'zochepa ndipo zikunka zicheperachepera, choncho iliyonse yopita ku ntchito yosadziwika phindu lake yachotsedwa pakamwa pa mwana wina. Inu mafumu, makhansala, aphungu ndi atolankhani, bungwe likabwera m'dera lanu ndi ntchito yatsopano, lilandireni bwino, koma musanasaine lifunseni kuti lidzayerekeza mudzi wanu ndi mudzi uti, adzayeze ndani, ndipo zotsatira zikadzakhala zoipa adzaziwerenga pamaso pa anthu kapena ayi.