Matayala otambalala pangolo: kukula si kunyamula

Kwa Chapananga m'boma la Chikwawa, katundu wambiri amafika pamsika pangolo. Thonje, mapira, chitowe ndi njerwa zimayenda pa matayala awiri, ng'ombe kapena abulu ali patsogolo. Ngolozi sizichokera kufakitale. Amisiri owotcherera amatenga ekiselo ya galimoto yakufa, kawirikawiri ya pikapu, n'kumangapo bodi, ndipo matayala ake ambiri amakhala a kaunjika.

Mdani wamkulu wa ngolo kuderali ndi mchenga. M'chilimwe mtsinje wa Mwanza umasanduka mchenga wokhawokha, ndipo kuwoloka kudavutiratu namondwe Ana atawononga mlatho wa Chapananga mu Januwale 2022. Tayala lopyapyala limatitimira, ng'ombe zimalefuka, katundu n'kufika msika utatha. N'chifukwa chake eni ngolo ena amalakalaka matayala otambalala a galimoto zapamwamba.

Ganizoli lili ndi mutu, chifukwa tayala lotambalala silititimira msanga. Koma kutambalala si mphamvu yonyamula katundu. Mphamvuyo idalembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo wogula ayenera kuiwerenga asanatulutse ndalama.

Mwachitsanzo, pa tayala la pikapu kapena minibasi pamalembedwa 195R14C 106/104. Nambala 195 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, ndipo C akusonyeza kuti ndi tayala la galimoto yonyamula katundu. Nambala 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 950. Pomwe tayala lolembedwa 225/45R17 91 ndi lotambalala ndi lokongola, koma 91 akutanthauza makilogalamu 615 okha. Pa matayala awiri, kusiyana kwake ndi makilogalamu 670, omwe ndi matumba 13 a makilogalamu 50. Ngolo siyenera kulemera mpaka pamenepo, chifukwa ng'ombe nazo zili ndi malire, koma tayala lomwe likugwira ntchito kutali ndi malire ake limakhalitsa pamsewu wa miyala ndi wotentha.

Nambala 45 ija nayo ndi chenjezo. Ikusonyeza kuti khoma la tayalalo ndi lalifupi. Pamsewu wa tala zilibe kanthu, koma ngolo ikagunda mwala, limu imatsina tayala kapena kupindika kumene. Tayala loyenera mchenga ndi lotambalala komanso lalitali khoma, monga a mapikapu a limu ya mainchesi 15 kapena 16.

Chachiwiri ndi limu. Tayala lotambalala likakakamizidwa pa limu yopapatiza limatupa pakati, limatha msanga ndipo lingathe kuvuka. Mabowo a limu ayeneranso kugwirizana ndi mabawuti a ekiselo. Kuchuluka kwa mabowo sikukwanira: malimu awiri angakhale ndi mabowo asanu onse, koma motalikirana mosiyana. Kukulitsa mabowo ndi tupa kapena moto kumachititsa kuti gudumu lizigwedera mpaka mabawuti kuduka. Nzeru ndi kupita ndi limu yakale kwa wogulitsa n'kukayerekeza pomwepo.

Chachitatu ndi mpata. Tayala latsopano lisakhule bodi ngolo ikadzaza. Ena amathawa vutoli potembenuza limu kapena kuika chitsulo kumbuyo kwake kuti gudumu litulukire kunja. Zikatero kulemera kumachoka pakati pa mabering'i, ndipo sachedwa kutha. Ndi bwino mmisiri akweze kapena achepetse bodi kusiyana ndi kukankhira gudumu kunja. Akamaliza, ngolo iyesedwe ili ndi katundu, osati yopanda kanthu.

Tayala la kaunjika limabisanso zaka. Pamapeto pa malemba oyamba ndi DOT pamakhala manambala anayi: 3519 akutanthauza sabata ya 35 ya chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mano abwino koma labala wake atauma. Ming'alu ya m'mbali, chotupa kapena chigamba cha m'khoma ndi zifukwa zokwanira kulisiya, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Dzuwa la kuchigwa cha Shire silinyengerera labala wokalamba.

Pali funso lina loti wamalonda adzifunse: tayala likaphulika lero, linzake lipezeka kuti? Masaizi a mapikapu ndi maminibasi savuta kwa okonza matayala ku Dyeratu kapena ku Nchalo. Saizi yachilendo ingafune ulendo wa ku Blantyre, ngolo ili chiimire, makasitomala akuthamangira kwa ena.

Kwa amene ali kale ndi matayala olimba, njira yotchipa ilipo. Kuphwetsako mpweya pang'ono pofika pamchenga kumafutukula tayala pansi, bola lipopedwenso ngolo ikabwerera panjira youma. Mpope ndi wotsika mtengo kuposa malimu awiri atsopano. Kukatapa katundu maulendo awiri powoloka kumapulumutsanso ekiselo ndi makosi a ng'ombe.