Ku Angónia mlonda woyamba ndi mwini mudzi

ULÓNGUÈ — Mlimi wa ku Dómuè akadzuka m'mamawa n'kupeza khola lili pululu, amayamba waitana anansi ake. Kenaka amathamangira kwa a nyakwawa. Amuna a m'mudzi amatsata mapazi a ng'ombe m'mame, ndipo nthawi zambiri mapaziwo amalowera kumalire a dziko la Malawi. Pamene uthenga ukufika kupolisi, dzuwa limakhala litakwera kale.

Kuno ng'ombe ndi moyo wa banja. Ndiyo imakoka pulawo m'munda wa chimanga. Ndiyo imakoka ngolo ya mbatata ya kachewere kupita kumsika. Pakagwa maliro kapena matenda, banja limayang'ana kukhola. Munthu akaberedwa ng'ombe ziwiri zapagoli mvula ili pafupi, ndiye kuti waberedwanso chakudya cha chaka chamawa.

Boma la Angónia lili ndi madera awiri aakulu, Ulónguè ndi Dómuè, ndipo midzi yake ndi yambiri, ina ili kuseri kwa mapiri kumene galimoto imavutika kufika nthawi ya dzinja. Apolisi sangakhale pa khola lililonse. N'chifukwa chake ntchito yoti apolisi ndi anthu a m'midzi azithandizana pa chitetezo ili nkhani yaikulu kuno.

Mtunda wa pakati pa mudzi ndi polisi

Anthu akuluakulu a ku Angónia ali ndi zifukwa zoopera munthu wovala yunifolomu. M'nthawi ya atsamunda a Chipwitikizi, asipayi ndiwo ankagwira anthu a msonkho ndi a chibalo. Dziko litalandira ufulu mu 1975, kunabwera magulu a dinamizadore, amilisiya ndi magulu a vijilansiya. Mu 1983 boma linakhazikitsa lamulo lokwapula olakwa ndi chikoti, chomwe kuno amati chamboko, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1989.

Pamwamba pa izi panagwa nkhondo ya zaka 16. Midzi yambiri ya ku Angónia inatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Dziko la Malawi linasunga anthu a ku Moçambique oposa miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ambiri a iwo wapansi, katundu ali pamutu. Anapeza makola opanda kanthu ndi mfuti zobisidwa m'tchire. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba ntchito yolandira mfuti n'kumapereka makasu, njinga ndi makina osokera.

Kumapeto kwa chaka chomwecho cha 1992 kunakhazikitsidwa polisi yatsopano, Polícia da República de Moçambique, yomwe anthu amangoti PRM. Inalowa m'malo mwa Polícia Popular de Moçambique ya m'nthawi ya chipani chimodzi. Dzina linasintha tsiku limodzi, koma mantha a anthu sanathe tsiku limodzi.

Makomiti a chitetezo

Cha m'ma 2001 unduna wa za m'kati mwa dziko unayambitsa ntchito yomwe pa Chipwitikizi amati policiamento comunitário. Inayambira ku Chamanculo, mumzinda wa Maputo, ndipo mkulu wa polisi Nataniel Macamo ndiye ankadziwika kwambiri poitsogolera. Kuchokera kumeneko inafalikira m'zigawo zonse, kuphatikizapo chigawo chino cha Tete. Makomiti ake poyamba ankatchedwa Conselhos de Policiamento Comunitário, ndipo pambuyo pake anayamba kudziwika kuti Conselhos Comunitários de Segurança.

Cholinga chake chinali chosavuta kumva. Anthu a m'mudzi kapena a m'bairro amakumana pabwalo, n'kusankha anzawo omwe amawakhulupirira. Osankhidwawo amakambirana ndi apolisi za mavuto a dera lawo: njira zomwe mbava zimadzera, malo omwera kachasu omwe ndewu sizitha, mlendo amene wafika popanda womudziwa. Iwowa si apolisi. Sanyamula mfuti, ndipo salandira malipiro.

Ntchitoyi inapeza mafumu atabwezeredwa kale ulemu wawo. Lamulo la boma nambala 15 la chaka cha 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2012, linavomereza mafumu ndi masekeretale a m'bairro kukhala atsogoleri a anthu pamaso pa boma. Ku Angónia, dziko la Angoni ndi Achewa, izi zili ndi tanthauzo lalikulu, pakuti mlendo wofuna malo amayamba wafika kwa mfumu, ndipo ng'ombe yachilendo ikagona m'khola la munthu, mudzi wonse umadziwa kusanache.

Pamene mlonda asanduka woweruza

Vuto lagona pa malire a ntchito. Lamulo limalola munthu aliyense kugwira mbava yomwe waipezerera ikuba, koma limafuna kuti aipereke kwa apolisi msanga. Sililola kumenya, kumanga munthu pamtengo usiku wonse, kapena kumulipiritsa ndalama kuti amasulidwe.

M'madera osiyanasiyana a dziko lino, akatswiri ofufuza ndi mabungwe a ufulu wa anthu akhala akupeza kuti makomiti ena anasiya ntchito yokambirana n'kusanduka magulu a anyamata olondera usiku, ogwira anthu ndi kuwakwapula. Chifukwa chimodzi n'chakuti apolisi ndi ochepa, choncho amatuma anyamatawo ntchito zomwe iwo eni anayenera kugwira. Chifukwa china ndi njala. Munthu amene wachezera usiku wonse kulondera popanda malipiro, pamene anzake akupuma kuti mawa akalime, sachedwa kuyamba kupempha ya sopo. Ena amangotopa n'kusiya.

Palinso dandaulo lomwe limamveka paliponse m'midzi: anthu amagwira mbava, amaipereka kupolisi, patapita masiku ochepa akuiona ikuyenda pamsika. Nthawi zina zimatero chifukwa mboni sizinapite kukhoti, mwina poopa kubwezeredwa, mwina posowa ndalama yokwerera galimoto kupita ku Ulónguè. Popanda umboni khoti silingasunge munthu. Koma ngati palibe wobwera kudzafotokoza zimenezi pabwalo, anthu amaganiza kuti padutsa ndalama. Tsiku lina akagwira mbava ina, sapitanso nayo kupolisi. Apo ndi pamene munthu amafera m'manja mwa gulu, nthawi zina wosalakwa, m'dziko lomwe linathetsa chilango cha imfa mu 1990.

Njira yoyenera ilipo. Milandu ing'onoing'ono, monga ya mbuzi yodya mmera kapena kutukwanizana pamowa, imatha kwa mfumu kapena ku khoti la m'mudzi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4 la 1992. Khotili lingathe kulipiritsa wolakwa kapena kumupatsa ntchito yothandiza mudzi kwa masiku osapitirira 30, koma silingatsekere munthu m'ndende. Kuba ng'ombe, kupha ndi kugwirira ndi milandu ya apolisi, ya ofufuza a SERNIC omwe analowa m'malo mwa PIC mu 2017, ndi ya khoti la boma.

Malire omwe mbava siziwaona

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, mseu waukulu wa ku Malawi umayenda m'malire enieni. Pa msika wa Lizulu munthu akangodumpha mseu ndiye kuti walowa dziko lina. Anthu a mbali zonse ziwiri amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana ndipo amaikana maliro. Chipata chovomerezeka chili pa Calómuè, koma tinjira ta wapansi n'tosawerengeka.

Wapolisi wa PRM amaima pamalire, mbava imapitirira. Alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu nawonso amalira chimodzimodzi, kuti ziweto zawo zimalowera ku Moçambique. Dziko la Malawi linayamba ntchito yake ya apolisi a m'mudzi mu 1997, ndipo maiko onse awiri ali m'bungwe la akuluakulu a polisi a kummwera kwa Africa la SARPCCO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1995. Komabe chomwe chimabweza ng'ombe msanga ndi foni ya mfumu ya kuno kwa mfumu inzake ya kutsidya, ng'ombeyo isanafike kwa ophera nyama.

Mlimi nayenso ali ndi mbali yake. Ng'ombe yokhala ndi chizindikiro siivuta kuizindikira. Wogula afunse kalata ya a zaziweto yoyendetsera ng'ombe, yomwe amati guia. Ng'ombe yotsika mtengo yogulitsidwa usiku popanda kalata ili ndi mwini wake amene akulira kwina.

Nkhani za m'nyumba

Chitetezo sichithera kukhola. Lamulo nambala 29 la 2009 limaletsa nkhanza kwa amayi m'banja, ndipo lamulo nambala 19 la 2019 limaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Polisi ili ndi ofesi yapadera yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Apa komiti ya m'mudzi imayesedwa kwambiri, chifukwa wolakwa amakhala mlamu, malume kapena mnzako wa kutchalitchi. Komiti yopanda amayi nkhani zoterezi siizimva n'komwe.

Zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, pomwe anthu ambiri anafa ndipo maofesi a polisi anatenthedwa m'madera osiyanasiyana a dziko lino, zinaonetsa kuti ubale wa apolisi ndi anthu ungathe kusweka msanga. Kuumanganso kumayambira pa zinthu zazing'ono: mkulu wa polisi kufika pabwalo la mfumu kusanagwe vuto, kumva madandaulo ngakhale okhudza anyamata ake omwe, ndi kubweranso kudzanena kumene mlandu wa ng'ombe zija wafika.

Mvula ikayandikira, alimi a ku Dómuè amayamba kukonza magoli ndi mapulawo. Ambiri amagona khutu lili kukhola. Chomwe akufuna n'chakuti akakuwa usiku anansi atuluke, ndipo akatumiza uthenga ku polisi kubwere yankho.