Tizindikire Miyala Yonolera ya Makolo

Anzanga, polima pa bwinja kapena potunga madzi kumtsinje timapeza miyala yosalala. Ina ndi miyala wamba. Ina inali zida za makolo athu. Kodi tingaisiyanitse bwanji?

Mwala umene unasalala ndi madzi umasalala mbali zonse. Mwala wonolera umasalala mbali imodzi kapena ziwiri, pamene chitsulo chinkadutsa. Pakati pake ndi podyeka. Goneketsani bango lowongoka pamwamba pake, mudzaona mpata pansi pa bangolo.

Musausokoneze ndi mphero. Mphero ili ndi dzenje lalikulu ngati mbale, ndipo kawirikawiri mwanamphero amakhala pafupi.

Tsopano ukhudzeni ndi chala, pakuti chala chimadziwa kuposa diso. Ngati ukukanda ngati mchenga, unali wa zida zazikulu: nkhwangwa, khasu, nsompho. Mwala wotere umadya chitsulo msanga ndi kuchotsa mano a nkhwangwa yobuntha, koma umasiya mikwingwirima. Ngati uli see ngati mbale yadothi yokulungiza, unali womalizira mpeni kapena lumo lometera. Wotere umakhala waung'ono, wokwana m'manja. Mmisiri wabwino ankakhala ndi miyala yonse iwiri.

Yang'ananinso mizere. Timizere ting'onoting'ono takuya tisonyeza zida zosongoka, monga mivi ndi singano zosokera mphasa. Ngalande zazitali zotakata pa thanthwe zisonyeza nkhwangwa kapena mikondo. Matanthwe otere amapezeka kwambiri pafupi ndi madzi. Chifukwa chake nchakuti ponola pafunika madzi otsuka fumbi la chitsulo. Popanda madzi mwala umatsekeka, umayamba kuterera, osanolanso kanthu.

Mwala wina uli ndi zizindikiro ziwiri, chifukwa mai anaperapo mapira, pambuyo pake mdzukulu nkunolerapo chikwanje. Pamenepa tisafulumire kuweruza.

Miyala imeneyi ingakhale yakale ndithu. Makolo anayamba kusula chitsulo m'dziko lathu zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo ku Chifumbaze, m'chigawo cha Tete, kunapezeka mapale a anthu a nthawi imeneyo. Mukapeza mwala wonolera pamodzi ndi mapale kapena zotsala za ng'anjo, musauswe kuti mumangire maziko a nyumba. Usiyeni pomwepo, ndipo uzani mfumu kapena mphunzitsi. Mu 1988 boma la Mozambique linaika lamulo loteteza zinthu zakale zotere.