Geni ya nsomba pa Chia: mabokosi 9 oteteza mpamba

Galimoto ikangoima pafupi ndi mlatho wa Chia, pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota, ogulitsa amathamangira pa mawindo atanyamula chambo, kampango ndi milamba. Koma dzuwa likapendeka mtengo umatsika, poti nsomba yaiwisi sidikira mawa. Ambiri amaweruka ndi ndalama m'thumba, komabe mpamba n'kumachepa mwezi ndi mwezi.

Kawirikawiri vuto limakhala lakuti geni yonse ili m'mutu. Akatswiri a zamalonda ali ndi chida chothandiza pamenepa chotchedwa Business Model Canvas, chomwe Alexander Osterwalder wa ku Switzerland ndi mnzake Yves Pigneur adachitchukitsa ndi buku lawo la 2010. Ndi tsamba limodzi logawidwa m'mabokosi 9: ogula ndani, chikuwakopa n'chiyani, katundu awafikira bwanji, ubale nawo ndi wotani, ndalama zikulowa bwanji, zipangizo zofunika, ntchito zazikulu, othandizana nawo, ndi ndalama zotuluka.

Makampani akuluakulu amalipira mapulogalamu a pakompyuta monga Strategyzer kuti alembe zimenezi. Wa pa Chia safunika kutero. Pa foni ya intaneti, Canva ili ndi tsambali lokonzakonza, pomwe Google Sheets ndi yaulere ndipo imawonkhetsa yokha. Wopanda foni yotere angojambula mabokosiwo m'kope.

Bokosi la ndalama zotuluka ndilo limatsegula maso. Mongoyerekeza, mayi wapikula nsomba za K100,000 kwa asodzi, wagulitsa zonse pa K130,000 ndipo akuti wapindula K30,000. Akachotsa K8,000 ya ayezi, K5,000 ya kabaza, K2,000 ya chiphaso cha msika ndi K3,000 ya chiwongoladzanja cha banki m'khonde, watsala ndi K12,000 yokha. Akatapa K25,000 yogulira ufa ndi sopo, ndiye kuti wadya K13,000 ya mpamba osadziwa.

Bokosi la ogula nalo limasintha zinthu. Wapaulendo amanenerera mtengo chifukwa akudziwa kuti nsomba ikufulumira kuwonongeka. Mwini lesitilanti ku Salima kapena ku Lilongwe amafuna nsomba zabwino pa tsiku lopangana. Uyu angathe kuitanitsa pa WhatsApp Business, kulipiriratu pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu n'kukwera minibasi. Akatero wogulitsa amapikula nsomba zoti zili kale ndi mwini wake. Koma tsambalo liwonetsenso ndalama yodula potapa kwa ejenti, ya bandulo ndi ya mayendedwe.

Ubwino wolemba pa foni ndi wakuti munthu amasintha nambala imodzi n'kuona zotsatira nthawi yomweyo. Ayezi akakwera, phindu litsala zingati? Nanga nsomba zotsala zikawambidwa, nkhuni zidya zingati?

Tsamba limodzi silikwana chaka chonse. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mwera umalepheretsa asodzi kulowa panyanja, ndipo mu Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane. Nyengo zimenezi zimafuna tsamba lakelake, mwina la nsomba zowamba kapena la mpunga, womwe umalimidwa kwambiri ku Nkhotakota.

Poyambira ndi apa: kwa sabata imodzi, wogulitsa alembe kwacha iliyonse yolowa ndi yotuluka, ngakhale ya mandasi. Pulogalamu imangowerengera zomwe yapatsidwa. Akaipatsa manambala ongopeka, imubwezera phindu longopekanso.