Za Nthenda ya Khansa ndi Zolowa m'Kamwa Mwathu

Ife amene tiyenda m'midzi kukazonda odwala taona kawiri-kawiri munthu wamkulu ali gone pamphasa, mbale iri pambali pace, njala aimva ndithu, koma kumeza alephera. Poyamba ikana kutsika ndi nsima, pambuyo pace phala, potsiriza madzi omwe. Pamenepo abale ace ayamba kunong'onezana kuti wamlodza ndani. Iai, suli ufiti. Imeneyo ndiyo khansa ya kum'mero, cotupa comera m'njira ya cakudya, ndipo Malawi ali pakati pa maiko amene nthendayi icuruka koposa pa dziko lonse lapansi.

Sitinena kuti wodwala ali yense anadziitanira yekha tsokali, pakuti ena agwidwa osalawako mowa cibadwire. Komatu madotolo apeza zinthu zoikolezera nthendayi, ndipo zambiri ziri m'manja mwathu. Zazikuru ndizo mowa waukali, monga kacasu, ndi fodya, wosuta kapena wofwenkha. Mowa ukalowa m'thupi usanduka ululu woononga khungu lofewa la m'kati mwa m'mero. Fodya naye adza ndi ululu wace, ndipo munthu wocita ziwirizi pamodzi, ngozi yace iposa kutali ya iye wocita cimodzi cokha.

Cina mudzadabwa naco. M'caka ca 2016 akatswiri a bungwe la za umoyo la dziko lonse, atasonkhana ku Lyon m'dziko la France, anaweruza kuti cakumwa cotentha kopitirira madigiri 65 cioneka kuti cibala khansa imeneyi. Mlandu suli pa tiyi kapena phala, uli pa kutentha: m'mero ukapsya lero ndi mawa, zaka ndi zaka, cironda cace cikhoza kusanduka cina. Ife tomwe tiudziwa mwambo wopsontha tiyi ali ciwirire, kuti tifulumire kumunda. Dikirani azizire pang'ono, khasu silithawa.

Tsopano tilowe m'nkhokwe, pakuti m'menemo mubisala mdani wa ciwindi. M'caka ca 1960 ku England zinafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil. Pofufuza anapeza ululu wopangidwa ndi cuku, nauca dzina lakuti aflatoxin. Cuku comweco cimera pa cimanga ndi mtedza wathu tikazisunga zisanaume, ndipo ululu wace sufa ndi moto wa pamafuwa. Udya ciwindi pang'ono-pang'ono, makamaka ca munthu amene ali kale ndi nthenda ya ciwindi yochedwa hepatitis B.

Apa tidandaula ndi inu, amai. Mtedza wokongola upita kumsika, wonyala ndi wowawa utsala wa nsinjiro za ana; cimanga coola aciika padera kuti akafulule naco mowa. Ena awaza madzi pa mtedza kuti usabvute kusenda, osadziwa kuti acitira cuku ubwino. Yanikani zokolola pamphasa kapena pathandala, osati padothi, kufikira njere ilira poiluma. Folerani nkhokwe mvula isanadze. Zoola tayani, ngakhale mtima uwawe.

Ndipo wina m'nyumba mwanu akamva nsima irikuima pacifuwa masabata awiri kapena atatu, thupi lirikutha, musayambe mwayendayenda naye kwa oombeza. Pitani naye kucipatala phala akali kumeza, ndipo mukawauze madotolo tsiku limene zinayamba.