Musagule hedifoni chifukwa cha timagetsi take

Pa mabenchi a ogulitsa machaja ndi makava a foni, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo mpaka Ngabu, pabwera katundu wina wokopa anyamata: mahedifoni akuluakulu ophimba khutu lonse, okhala ndi kamaikolofoni kopindikira kukamwa ndi timagetsi tophethira. Pa katoni alembapo kuti "Gaming". Kutha kwa mwezi, ogwira ntchito ku nzimbe za Illovo akalandira, katunduyu amayenda ngati zitumbuwa.

Funso ndi lakuti, kodi mwana wa sukulu amene wadzimana chiwaya sabata zingapo kuti agule chinthuchi, akupeza chiyani?

Tiyambe ndi zoona zimene ogulitsa ena sangakonde kumva. Ngati masewera anu ndi mpira wa FIFA pa PlayStation ya pa shopu, inu ndi mnzanu mutakhala benchi limodzi, hedifoni mulibe nayo ntchito. Imathandiza osewera PUBG, Free Fire kapena Call of Duty pa foni, kumene munthu amafunika kumva ngati mdani akubwerera kumanja kapena kumanzere, komanso kulankhula ndi anzake a timu ali ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ntchito ziwiri zimenezi hedifoni yotchipa imatha kuzigwira, bola mwasankha ndi maso.

Yambani kuona pulagi, osati katoni. Kapulagi kachitsulo kakakhala ndi mizere iwiri yakuda, kamangotulutsa mawu basi. Kuti maikolofoni igwire pa foni yanu ya Itel kapena Tecno, mizere ikhale itatu. Ambiri mwa mahedifoni amenewa anapangidwira kompyuta, ndiye amabwera ndi mapulagi awiri, yobiriwira ndi yofiirira, kuphatikizanso ya USB. Mukalowetsa yobiriwira pa foni mumva bwinobwino, koma anzanu sakumvani mpaka mutagula kawaya kena kophatikiza ziwirizo. Ndipo pa mahedifoni oterewa USB ija ntchito yake ndi kuyatsa timagetsi tija basi. Sikometsa mawu olo pang'ono.

Nanga zoti "7.1 surround" zolembedwa ndi zilembo zagolide? Kapulagi wamba kamanyamula njira ziwiri zokha za mawu, ya khutu lamanja ndi ya lamanzere. Zisanu ndi ziwirizo zili pa katoni pompo. A Bluetooth nawo ali ndi vuto lawo: mawu amafika mochedwerapo, mwakuti mumamva mfuti mutagwa kale. Wonjezeraninso batire lofuna kuchaja. Amene anaona mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira muno m'boma lathu lomwe, akudziwa ubwino wa chinthu cha waya chosadya magetsi.

Koma chachikulu kwa ife a kuchigwa kuno ndi timitsamiro ta m'makutu. Opanga zinthuzi ku China sanakhalepo pa Ngabu mu Okutobala, dzuwa likupitirira madigiri 40. Timitsamiro tambiri ndi tapulasitiki tonamizira chikopa. Muvale theka la ola, makutu ali chonyowa ngati mwatuluka mu Shire. Thukuta ndi kutentha zikagwirizana, chikopa chabodzacho chimayamba kusupuka, n'kumakusiyirani tizinyalala takuda m'masaya. Mukapeza ya timitsamiro tansalu, ngakhale ikhale yosaoneka bwino, tengani imeneyo. Gwiraninso waya pamene walowera mu pulagi, poti ndi pamene amayamba kuduka. Ngati palibe kamphira kolimbitsa, dziwani kuti posachedwa muzimvera khutu limodzi.

Kwa inu abale athu amalonda, tikudziwa kuti zinthu sizili bwino. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kupikula katundu ku Limbe kapena ku Kariakoo si masewera. Komabe kukana kuti kasitomala ayese, ati "katoni njomata", n'kudziphera msika nokha. Ana a sukulu amauzana msanga. Tsegulani imodzi ikhale yoyesera, wogula ajambule mawu ake pa WhatsApp adzimvere yekha ngati maikolofoni ikugwira. Ndipo tizikwangwani toti "katundu wogulidwa sabwezedwa" a bungwe la CFTC akhala akuchenjeza kuti n'tosemphana ndi lamulo.

Nkhani ina imene sinenedwa pa benchi ndi ya makutu enieniwo. Hedifoni yotchipa siitchinga bwino phokoso la kunja, ndiye pa shopu pamene jenereta ikulira, kabaza wa njinga zamoto akudutsa, munthu amangokweza voliyumu mpaka mapeto. A WHO amati wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana 75. Mukakwezako madesibelo atatu okha, nthawi yololedwayo imadulidwa pakati. Vutoli lakula moti mu Malichi 2025 bungweli pamodzi ndi la ITU anatulutsa ndondomeko yapadera yoteteza makutu a osewera magemu. Mukavula hedifoni n'kumva kuti "tsiii" m'khutu, ndiye kuti mwapyola kale muyeso, ndipo timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso.